A Alufeyo Sankazungulira

A Alufeyo a kwathu ku Nsaru anabwera kuchokera ku nkhondo ndi jekete la asilikali, njinga, ndi pakamwa popanda chotsekera. Ankati kuzungulira polankhula ndi bodza lovala malaya. Fodya wako akakhala woipa ankakuuza pamaso pa mkazi wako. Ena ankawatama kuti sabisa mawu. Ine Wyson ndinkadana nawo, ndipo chifukwa chake ndi mlongo wanga Febe.

Kwathu uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Umayamba wamukhazika munthu pansi, n'kuitana amayi awiri akhale pambali pake, kenako umati matenda akula. Iye yekha amayamba kumva. Koma mu 1953, kalata itabwera yonena kuti mlamu wanga wafera ku migodi ya ku Joni, anaiwerenga ndi a Alufeyo chifukwa ndiwo ankadziwa Chingerezi. Sanadikire aliyense. Anapalasa njinga mpaka kuchitsime, kumene Febe anali atasenza mtsuko, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

"Febe, mwamuna wako wafa. Mwala wamugwera," anatero, phazi limodzi lili pa njinga.

Febe anagwa ndi mtsuko womwe. Anapita padera tsiku lomwelo. Titawafunsa, a Alufeyo anati, "Nanga ndanama?" Mawu amenewo ndinawasunga ngati mbewu, zaka zisanu.

Mu 1958 iwo anali mesenjala ku Chitedze. Amayi awo, a Nabanda, anadwala chifuwa mpaka kuleka kudya. Mwana anali yekhayo, ndipo kunena zoona, munthu wouma mtima uja amayi ake ankawakonda. Mwezi uliwonse ankawabweretsera shuga ndi sopo, n'kukhala pansi kuwadula zikhadabo. Lachiwiri lina m'mawa akuluakulu anandituma ine, poti ndinali ndi njinga, kuti ndikawaitane msanga.

Ndinawapeza masana akupukuta nsapato kuseri kwa ofesi.

"Iwe Wyson, kwagwanji?"

"Palibe choopsa, akulu. Amayi akudandaula chifuwa pang'ono."

Anandiyang'anitsitsa. "Usandizungulire. Mawa tikupita ku Fort Manning ndi galimoto ya ntchito, tikabwera Loweruka. Ndipemphe kwa bwana ndinyamuke nawe lero, kapena adikira?"

Apa ndiye pamene ndinayenera kunena zoona, pakuti munthu anafunsa yekha. Ndinadziwa. Ndinaona nkhope ya Febe m'maganizo, ndipo ndinafewetsa mawu ngati mbusa wa mpingo.

"Musadere nkhawa, akulu. Phala akumwa. Loweruka si kutali."

Anapuma mpweya waukulu, n'kundipatsa shuga wa m'pepala kuti ndikawapatsire. Anandithokoza kuti ndavutika ndi ulendo. Kumudzi ndinangoti ntchito yawagwira.

A Nabanda anatisiya Lachitatu madzulo. Amene anatumidwa ndi uthenga wa maliro anapeza galimoto itapita kale. Tinaika Lachisanu, mwana wawo kulibe, anthu akunong'onezana kuti ntchito ya azungu yamudyetsa mwano.

Loweruka a Alufeyo anafika ndi bulangete latsopano pa keliyala. Anaona azimayi ometa mitu pabwalo, njinga inawagwa m'manja. Madzulo ake anandipeza ndikusoka fodya m'chigafa. Ndinakonzekera ndewu, mpeni wodulira luzi ndili nawo pafupi. Koma anangokhala pansi pafumbi, munthu wamkulu uja, maso ali gwa.

"Wyson," anatero, "kodi amayi anandiitana?"

Munthu wachifundo akanati anapita ali m'tulo, osavutika. Mawu amenewo anali pafupi, ndipo akanawathandiza moyo wawo wonse. Ndinaika fodya pansi, ndinawayang'ana m'maso.

"Anakuitanani masiku awiri, akulu. Aliyense wolowa pakhomo ankamufunsa ngati ndi inu. Analeka pamene mawu anawathera."