Kalata ya bambo yopita kwa apulezidenti awiri

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa papulayimale ya kwathu ku Chia, bambo anali atangobwerako kumigodi ya ku Joni. Anabwera ndi chifuwa chosatha komanso wayilesi yogwira masiteshoni akunja. Chingerezi sankachimva, choncho ndikaweruka masana ankandiitanira pakhonde kuti ndiziwamasulira nkhani.

Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo mvula isanayambe, wayilesi inanena kuti America ndi Russia ayambana chifukwa cha nkhondo ya kudziko lina, ndipo asilikali osunga mabomba a nyukiliya auzidwa kuti akhale tcheru. Ine ndinangomasulira ngati nkhani ya mpira. Bambo anaika pansi ukonde umene ankasoka.

"Bwereza, mwanangu. Mabomba ati?"

Nditabwereza, anandiuza zimene anali asanauzepo ngakhale amayi. Kapitawo wina kumgodi anawauza kuti m'dothi lotsala akachotsa golide amatapamo chinthu chopangira mabomba amenewo, ndipo bomba limodzi limapsereza mzinda wonse.

"Ndiye kuti manja angawa alimo," anatero akuyang'ana zikhatho zawo.

M'mawa mwake sanapite kudambo kukakonza munda wa mpunga. Anandidikira pakhonde ndi mafunso. Wolamula kuti bomba liponyedwe ndani? Munthu mmodzi? Ndinawauza zimene ndinamva, kuti pulezidenti aliyense wadzitsekera m'chipinda ndi alangizi ake, ena akuti menyani, ena akuti dikirani, ndipo akazembe akuthamanga ndi mauthenga. Ndinkaganiza kuti awatukwana. Koma anapukusa mutu.

"Anthu amenewo ndikuwamvera chisoni. Akabwerera m'mbuyo, kwawo awatcha amantha. Akalimba mtima, aphetsa ana a eni. Kaya akumadya n'komwe."

Atachokera kumzikiti Lachisanu, anandiuza kuti nditenge pepala ndi cholembera. Ankafuna makalata awiri, mawu ofanana, ina ya ku America, ina ya ku Russia. Iwo ankayankhula, ine n'kumalemba m'Chingerezi. Mawu ake ndimawakumbukirabe. Anati iwo ndi munthu wamba amene anagwirapo ntchito pansi pa nthaka, ndipo kumeneko wophulitsa miyala sayatsa chingwe asanatulutse anthu onse. Nanga inu, mabwana, anthu a dziko lonse lapansi muwatulutsira kuti? Anawapempha kuti asagamule kanthu tsiku limene akwiya, ndiponso kuti aliyense amusiyire mnzake kanjira kobwererapo popanda manyazi.

Ndinalemba zonse monga ananenera. Masiku amenewo dzina la Russia silinkatchulidwa pagulu. Tonse tinkadziwa kuti kalata yopita kunja imadutsa m'maso ambiri, ndipo munthu ankatha kutengedwa pa zochepa kuposa pamenepa. Ine ntchito yanga inali ya boma.

"Bambo, kodi ya ku Russiayi tisaisiye?"

"Mlandu wa anthu awiri sulangiza mmodzi," anayankha.

Loweruka ndinakwera basi kupita kuboma ku Nkhotakota, makalata ali m'thumba. Ndinafika papositi, ndinaima pamzere, ndipo nditatsala pang'ono kufika pawindo ndinatuluka. Ndinapita kwa azakhali anga amene ankagulitsa usipa kumsika, n'kuwafotokozera zonse monong'ona. Iwo sanachedwe. Anandilanda makalatawo, anawang'amba tizidutswa, n'kuponya m'mbaula ya mayi wokazinga zitumbuwa pafupi nawo.

"Mchimwene wanga mtima ngwabwino," anatero, "koma akufuna kutithetsa tonse bomba lisanafike."

Kunyumba bambo anandifunsa ngati ndaponya. Ndinati eya. Aka kanali koyamba kuwanamiza ndili wamkulu.

Patangopita masiku ochepa, wayilesi inanena kuti atsogoleri aja amvana, ndipo asilikali auzidwa kubwerera m'malo mwawo. Ndinamasulira ndikumwetulira, koma mumtima ndinkaopa kuti bambo ayamba kuuza anthu kuti ndi makalata awo achita zimenezi. Iwo anawerenga masiku ndi zala.

"Makalata athu sanawoloke n'komwe nyanja yaikulu," anatero. "Ndiye kuti aganiza okha. Alhamdulillah, ali nazo nzeru anthuwa. Wina wavomera kuoneka wamng'ono."

Anandifunsa kuti wayamba kufewa ndani. Ndinati wayilesi sikunena bwinobwino, mbali iliyonse ikuti yapambana. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Anati zikatero ndiye kuti akazembewo ntchito amaidziwa. Madzulo omwewo anatenga khasu n'kutsikira kudambo.

Kwa miyezi ingapo ankandifunsa ngati kwabwera yankho. Ndinkati ayi, iwo n'kumati anthu otero amatanganidwa. Patapita zaka zitatu, chifuwa chija chitawagoneka, ndinawaululira. Ndinagwada pafupi ndi mphasa yawo n'kunena zonse, za pamzere paja ndi za azakhali.

Bambo anandiyang'ana n'kundifunsa:

"Unachita mantha?"

"Eya, bambo."

"Nanenso ndinachita mantha utangokwera basi. Tsiku lonse ndinkayang'ana kumsewu, kuopa kuti ndakupereka ndekha." Anandigwira dzanja. "Ukanandiuza tsiku lomwelo, mwanangu. Wasenza katundu zaka zitatu popanda chifukwa."

Kenaka anandituma kuti ndikawaitanire amayi, awathandize kukhala tsonga.