Vesi Langa ndi Chikoti cha Chilombo

Ndiulule uchitsiru wanga: ndili mwana ndinkakhulupirira kuti vesi ukaliloweza bwino, chikoti sichikulowa m'thupi. Lero mayi a kunyumba akukazinga nsatsi, ndipo fungo lake landikumbutsa amene anandinamiza.

Anali achimwene anga, mnyamata wonyezimira ndi mafuta a nsatsi, woyamba m'mudzi mwathu kupita kusukulu ya mishoni. Ndiwo anandidula chithumwa m'khosi. "Taya izi, iwe! Mawu a Mulungu akakhala mumtima, ngakhale chilombo chimagwada." Mwezi wathunthu, potola nkhuni kuphiri la Chongoni, ndinkabwereza salimo la mbusa limene anandiphunzitsa, ndikaphonya iwo n'kundigogoda pamutu. Ndi salimo lomwelo landiyimika pa manda a ana anga awiri, koma zimenezo n'za m'tsogolo.

Tsiku lina gule atatuluka kumaliro, tinakumana ndi chilombo panjira ya kuchitsime: nthenga kumutu, matope thupi lonse, chikoti m'manja. Anzanga anamwazikira m'chimanga. Ine, Mkhristu wa mwezi umodzi, ndinaima nji, n'kuyamba kulakatula. Mbusa ndinamutchula, msipu ndinaudutsa, madzi ndinawoloka. Nditafika pa chigwa cha imfa, mawu onse balala!

Thyapu! Chikoti pamsana. Thyapunso!

Chilombocho chinawerama, ndipo kuseri kwa matope ndinamva fungo la nsatsi. Chinandinong'oneza mawu ndinaiwalawo, osaphonya pena paliponse.

"Malizitsa, chitsiru iwe, kenako uthawe. Anthu akuona."

Ndinamaliza salimo lonse misozi ili chuchuchu, maso anga ali pa chala chopindika cha phazi la achimwene.