Mayeso makumi awiri, mapulosesa awiri

Mu ofesi ankawatcha Mayi Tadikirani, chifukwa pulogalamu ikati ipite kwa makasitomala, iwo ndiwo ankakweza dzanja kuti idikire kaye. Ntchito yawo inali kuyesa mapulogalamu amene anzawo alemba. Desiki yawo inali pakona, pafupi ndi ketulo, ndipo kompyuta yawo, kalanga ine, inali nkhalamba ya mapulosesa awiri okha, timitima tija timasenza ntchito yonse m'kati mwa makina. Ikatopa, fani yake inkalira ngati chigayo. Pa desiki imeneyo anakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri, kunyumba kuli ana atatu ndi bambo awo odwala shuga.

Bwana watsopano anafika ndi laputopu yamphamvu, ndi phuma lake lomwe. Analamula kuti mayeso aziyenda makumi awiri nthawi imodzi. Kwa iye zonse zinkatuluka zobiriwira, kusonyeza kuti zili bwino. Kwa mayiwo, psuu! Lero afiira awa, mawa afiira ena.

"Vuto ndi inuyo, mayi," anatero bwanayo pamaso pa onse. "Lachisanu zikakhalabe zofiira, tipeza wina."

Zinawawawa, asakunamizeni. Koma kulira sikukonza kompyuta. Atayang'anitsitsa anaona kuti mayesowo akulimbirana timitima tiwiri tija, ena nthawi yawo n'kutha akadali pamzere. Anafufuta 20 wa bwana uja, n'kulemba kuti makina aliwonse aziyamba awerenga mapulosesa ake, n'kuyendetsa mayeso olingana nawo.

Zonse zinabiriwira, kupatula chimodzi. Anabwereza kasanu, chofiiracho chili nji! Ichi tsono chinali cholakwika chenicheni cha mu pulogalamu, chooneka pa makina ofooka okha, ngati amene makasitomala ambiri ali nawo. Ndipo gawo limenelo analemba ndani? Bwana yemweyo.

"Achemwali, ingochizimitsani chimenecho, ana adye," ananong'ona mnzawo wa desiki yoyandikana.

Mantha anali nawo ndithu, koma sanachizimitse. Lachisanu bwana anaima kumbuyo kwawo, maso pa chofiira chija. Mayiwo anafotokoza bwinobwino, mpaka kuloza mzere wolakwikawo mu pulogalamuyo. Bwanayo anawerenga mzerewo kawiri, nakanda m'mutu. Kenako anakoka mpando.

"Tasunthani pang'ono, mayi, ndikhale nawo. Ichi sitimaliza lero. Lolemba mulawirire, mudzandionetse zina zimene ndaphonya."