Mavoti a Kummwera ndi Jekete la Malume

Laputopu ya malume inali yothyoka khosi. Kuti iime ankaitsamiritsa pachitini cha mkaka wa ufa patebulo la kukhitchini, ndipo ikatentha inkalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Mabatani ake anali onona ndi mafuta a tchipisi. Koma m'mwezi wa Meyi wa chaka chimene ndinkamaliza pulayimale, kachinthu konyansa kameneka ndi kamene kankalamulira nyumba yathu ku Hull, ku Mangalande. Mmenemo ndi mmene munkatulukira wailesi ya kumudzi, mawu akudukaduka, ikuwerenga mavoti a pulezidenti. Anthu amene anaponya mavotiwo sankadziwa n'komwe kuti ine ndilipo, koma ankagamula za ine.

Bambo anali atabwerera ku Malawi chaka cham'mbuyo mwake. Ku Blantyre anali mphunzitsi wa kusekondale, wovala tayi, woitanidwa kukayankhula paukwati. Ku Hull, kumene anatsatira mayi atapeza ntchito ya unesi pachipatala, ankasambitsa nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba. Sankadandaula mokweza, koma akaweruka ankasamba m'manja nthawi yaitali mpaka mayi kugogoda pachitseko cha bafa. Lero ndakula, ndipo pa zimenezo sindiwaweruza. Mnzawo wa kusukulu atawaitana kuti akathandize kampeni ya chipani chimene mtsogoleri wake anali wa kwathu kummwera, analongedza sutikesi osacheuka.

Kutatsala pang'ono kuti anthu avote, anandiitanitsa pavidiyo. Nkhope yawo inali yowala, yonenepa, yosiyana ndi imene ndinkaidziwa. “Tikawina, iwe ukubwera kuno sukulu ikangotseka,” anatero. “Malo a Fomu 1 ndakupezera kale kusukulu yogonera konko. Amayi ako adzatsatira akamaliza za ntchito zawozo. Mwana wanga sangakule osadziwa kugwada.” Ine ndinangoti, “Yes, Dad,” monga ndinkayankhira chilichonse. Mayi ankasita yunifolomu kumbuyo kwanga. Ndinamva fungo la nsalu yopserera.

Ku Malawi ndinachokako ndili ndi zaka zitatu. Dzikolo ndinkalidziwa pazithunzi ndi pamapaketi a usipa amene alendo ankabweretsa. Chichewa ndinkamva chonse, miseche yomwe, koma chikafika pakamwa panga chinkaterera, anthu n'kumaseka. Ndipo ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa kuti “adzatsatira” uja analibe tsiku. Mayi ndiwo anali mzati wa makomo angapo kumudzi, ntchito sakanaisiya chisawawa. Chipani cha bambo chikawina, ine ndikwera ndege ndekha, mayi n'kutsala. Nkhani inali imeneyo basi.

Amene ankafunitsitsa kuti chiwine anali malume, mlongo wawo wa mayi, wamng'ono kwa iwo. Anabwera ku Mangalande kudzachita digiri yachiwiri, anaimaliza bwinobwino, digiriyo n'kukhala m'felemu kuseri kwa sofa, mwiniwake akunyamula makatoni kumalo osungira katundu kufupi ndi doko. Sofa imeneyo ndiyo inali bedi lawo. Mayi ankawakalipira ngati mwana woyamba: masokosi pansi pa tebulo, mbale m'sinki, mkaka wosabwezera mufiriji. Ankawatchula kuti “iwe”, ndipo malume ankangokanda m'mutu n'kumandiphethira diso. Bambo anali atawalonjeza kuti, “Alamu, tikangolowa m'boma, ofesi yanu ilipo.” Kuyambira pamenepo munthu wokonda chipanicho kuposa malume munalibe m'chigawo chathu chonse cha Yorkshire, ngakhale kuti ife akunja sitinkaloledwa kuvota. Ankachita kampeni kwa mayi, kwa ine, ngakhale kwa munthu wa ku Zambia amene ankakwera naye basi.

Anthu anavota, koma zotsatira zinakana kutuluka. Kunamveka kuti makina owerengera afa. Kenako akuti ena abera, ena athamangira kukhoti, ena akufuna kuti awerengenso. Tsiku linkatha, lina n'kubwera, wailesi ikungotchula manambala a apa ndi apo. Malume anasiya kudya bwino. Ankachoka kushifiti n'kufikira patebulo jekete lowala la kuntchito lili m'thupi. Chigawo chapakati chikaponya manambala ake aakulu, ankaluma chala n'kunena kuti, “Dikirani akummwera alowe. Kummwera ndi kumene kuli anthu.”

Ndipo ankalowadi. Thyolo. Mulanje. Phalombe. Chiradzulu. Dzina lililonse likatchulidwa malume ankamenya tebulo, supuni n'kudumpha. Maboma a dziko langa ndinawaphunzira ndi mantha, osati m'kalasi. Mpaka lero munthu akanena kuti kwawo ndi ku Phalombe, ndimayamba ndameza malovu ndisanamupatse moni. Ndinkapempherera maboma a pakati ndi a kumpoto, kumene ndinalibe ngakhale m'bale wa galu, kuti Mulungu awachulukitsire anthu. Mulunguyo ayenera kuti ankaseka, chifukwa m'nyumba imodzimodziyo malume ankamupempha zosiyana, mofuula kuposa ine.

Sabata yomweyo Angerezi nawo ankavota zawo, ndipo sukulu yathu inatsekedwa tsiku limodzi kuti anthu avoteremo. Ndinadutsa pageti kukaona. Panalibe mzere, panalibe nyimbo, panalibe wopakidwa inki pachala. Nkhalamba ina inamanga galu pampanda, n'kulowa, n'kutuluka, n'kumasula galu wake. Ndinapsa mtima osadziwa chifukwa chake. Patapita masiku aphunzitsi anatifotokozera za sekondale imene tonse tinkayembekezera kukayamba mu Seputembala, za yunifolomu, za basi yoti tizidzakwera. Atandifunsa ngati ndinali wokondwa, ndinawayankha kuti zidalira mavoti a ku Mulanje. Anaseka mokoma mtima, n'kupita kwa mwana wina.

Lamlungu tinakwera sitima kupita ku Wakefield kumapemphero a Amalawi. Abusa analetsa ndale m'nyumba ya Mulungu, koma pansi pa Baibulo lililonse panali foni. Pa nthawi ya tiyi anthu anaima m'timagulu monga mwa zigawo za kwawo, anthu omwewa amene ankalandirana ana ndi kuperekezana kumaliro. Mayi wina, nesi mnzawo wa mayi, anawagwira dzanja n'kunena kuti, “Ndiye mutisiya tsopano, akazi a bwana? Muzidzatikumbukira ife osintha mabedi.” Mayi anaseka ndi mano okha.

Pobwerera, m'basi yochokera kusiteshoni, ndinalimba mtima. “Mum, do I have to go?” Iwo anayang'ana pawindo, kumene mvula inkatsetsereka pagalasi, n'kuti, “Nkhani za akulu sizikambidwa m'basi.” Ndinaganiza kuti andipereka kale. Ndinadana nawo ulendo wonsewo, ndipo nditafika kunyumba ndinakana kudya. Sindinkadziwa kuti pafoni anali atayesa kale kukambirana ndi bambo, kangapo konse, ndipo yankho linali lomwelo lakuti mwana ndi wanga, ndanena ndanena.

Zotsatira zinalengezedwa ine ndili m'tulo. Chinandidzutsa Loweruka m'mawa ndi likhweru la malume. Ndinawapeza pabalaza atamanga nsalu ya chipani m'chiuno pamwamba pa thalauzi logonera, akuvina okha, mpaka oyandikana nafo anagogoda khoma. “Tawina, mphwanga! Kummwera kwayankhula!” Anandinyamula n'kundizungulitsa. Ndikukumbuka fungo la thukuta ndi khofi, ndi miyendo yanga ikulendewera m'malere yozizira ngati si yanga.

Mayi analowa akuchokera kushifiti, maso ofiira, akununkhira sopo wa kuchipatala. Anamva nkhaniyo ali chiimire pakhomo. “Chabwino,” anatero. Anaika chikwama pansi, anavula nsapato, anatenga chitenje n'kumanga pamwamba pa yunifolomu. Kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anagwada pakapeti, patsogolo pa sofa ija, pamaso pa munthu yemwe dzulo lake anamukalipira za masokosi, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

“Achimwene,” anatero, “mbumba ndi yanu. Mwana uyu akumutenga. Ine ndine mkazi wa munthu, ndayankhula zakanika. Ndabwera kwa eni ake.”

Malume anasiya kuvina. “Achemwali, dzukani. Mukundichititsa manyazi pamaso pa mwana.”

Mayi sanadzuke. Anaweramitsa mutu, manja ali pamaondo. Wailesi inkaimbabe nyimbo za chipambano kukhitchini, ndipo panalibe amene anapita kukaizimitsa.

Tanthauzo lake ndinadzalimva ndili wamkulu. Kwathu kummwera mwana ndi wa kuchikazi. Bambo amabereka, amalera, amalemekezedwa, koma mawu omaliza pa za mwana ndi a mlongo wa mayi ake, mwinimbumba. Malume aakulu anali atamwalira, ndiye udindowo unagwera awa a pasofa, amenenso anali nkhoswe ya banja la mayi. Kunena zoona, mayi akanatha kungobisa pasipoti yanga n'kuti sapita, malamulo a kuno akanawaikira kumbuyo. Koma banja likanathera pomwepo, ndipo kumudzi akanawaimba nyimbo kuti mkazi uja mapaundi amuzunguza mutu. Ine lero ndimatsutsana ndi miyambo yambiri, ndipo zimandiwawabe kuti mayi wogwira ntchito ngati bulu anachita kugwada kuti asunge mwana wake yemwe. Koma mayi ankadziwa khomo limene bambo sakanatha kulitseka, ndipo analowera pomwepo.

Malume anamasula nsalu ya chipani ija, anaipinda bwinobwino, n'kulowa kubafa. Anatuluka atameta ndevu, atavala shati yoyera ndi jekete limene anavala polandira digiri, lomwe tsopano linkawathina m'mapewa. Ndinatsala pang'ono kuseka. Munthu kuvalira foni jekete! Anakhala pampando wa patebulo mowongoka, anatiuza kuti tikhale pambali, n'kuimbira bambo pavidiyo.

Bambo anayankha ali pakati pa phokoso, mahutala a magalimoto, nthungululu, anthu akuimba. “Alamu! Mwamva? Konzekani, mukubwera limodzi ndi mwanayo!”

“Tamva, alamu, ndipo tathokoza Mulungu,” anatero malume. “Koma pezani poduka mphepo, ndikufuna ndiyankhule ngati malume a mwana.” Phokoso lija linachepa, bambo analowa m'galimoto. “Mwanayu sakwera ndege. Akhala pamene pali mayi ake. Patchuthi azibwera kudzakuonani, ndidzaonetsetsa ndine. Zogwada tim'phunzitsa konkuno, kapeti ilipo.”

Bambo anayamba m'Chichewa, n'kupitiriza m'Chingerezi, monga ankachitira akakwiya. Ananena za sukulu yabwino imene anavutika kupeza, za ana a kunja opanda mwambo, za munthu wogona pasofa ya mlamu wake kumalamula m'nyumba ya eni. Malume sanawadule mawu. Atatha anangoti, “Zonsezo n'zoona, alamu. Koma mwambo mukuudziwa, ndi wa kwanu komwe. Ana a achemwali anu amene amagamula za iwo ndi inuyo.”

Nkhope ya bambo inaima pagalasi moti ndinayesa kuti intaneti yaduka. “Ndiye za ofesi ija muiwale,” anatero pomaliza.

“Ndamva, alamu.”

Foni inaduka. Mayi anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ine ndinalumpha n'kukumbatira malume m'khosi. “So I'm staying? Uncle, I'm staying?” Anandisisita kumutu n'kuti, “Ukhala, iwe. Leka kundipinda jekete.” M'maganizo anga munthu wamwayi kuposa onse mu Hull tsiku limenelo anali iwowo: chipani chawo chawina, mkangano awina, ndipo mayi awagwadira. Mawu a bambo onena za ofesi ndinawayesa mkwiyo wamba, wa mtundu umene umatha pofika chakudya chamadzulo.

Masana anavula jekete lija, n'kuvala lowala la kuntchito, poti anali ndi shifiti. Ndinawaperekeza pamalo okwerera basi, ndikudumphadumpha m'matope a mvula. Ndinawafunsa, mwachimwemwe ndithu, kuti nanga iwo apita liti kumudzi, popeza awina. Anayang'ana kumene kunkachokera basi. “Tione kaye,” anatero.

Bambo sanabweze mawu awo, ndipo malume anakhala zaka zambiri akunyamula makatoni. Ndinkadziwa kuti ku Mulanje anasiya mkazi ndi kamnyamata, koma kwa ine kanali kamwana ka pachithunzi. Sindinkadziwa kuti akuchikazi anali atawauza kuti akabwerera manja lendelende, opanda ntchito, asadzaponde pakhomo, ndi kuti ofesi ija ndiyo inali njira yokhayo yobwererera kwa mwana wawo. Mwambo umene unawapatsa mphamvu pa ine ndi womwewo unawamana mawu pa mwana wobereka okha, poti iyenso anali ndi malume ake. Pamene anadzapita kumudzi, mnyamatayo anali atamera ndevu, ndipo anawapatsa moni wa mlendo.

Zonsezi malume ankazidziwa pamene ankati, “Ndamva, alamu.” Ine ndinkangodziwa kuti ndikhala. Basi itafika ndinawakuwira kuti pobwera andigulire tchipisi, ndipo anandigulira.