Mapulasitiki a pamipando ya a Likoswe

Kwathu ku Bangwe, tambala akamalira, a Likoswe oyandikana nane nyumba amakhala atayamba kale kutsuka galimoto yawo yatsopano. Ine ndimaima pampanda, kukamwa yasa.

Ndowa zimakhala ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira. Nsalu ya pagalasi siyikhudza matayala. M'mphepete mwa zitseko amapitamo ndi mswachi. Mapulasitiki amene mipando inabwera nawo anakana kuchotsa, ndipo akazi awo analetsedwa kudyera chimanga chootcha m'katimo.

"Achimwene, mwana wanu munamusambitsapo chonchi?" ndinawaseka tsiku lina.

"Mwana ali ndi manja, iyi ilibe," anayankha osatukula mutu.

Loweruka lapitali kunagwa chimvula. A Likoswe anandinyamula pochokera kumsika, nditayamba ndapukuta nsapato. Panjira tinapeza gulu la anthu. Njinga yamoto ya kabaza inali itagunda mayi wogulitsa makala, ndipo anali gone m'matope, magazi akutuluka kwambiri pantchafu. Magalimoto ankachepetsa liwiro, eni ake n'kusuzumira, n'kupitirira.

Inu simunapitirirepo? Timati magazi sachoka pampando. Timati apolisi atichedwetsa ndi mafunso. Ena amangotulutsa foni n'kumajambula. Tonse timadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma pamsewu timaiwala.

A Likoswe anaima. Titawagoneka mayi aja kumbuyo, ankatsetsereka papulasitiki, uku akubuula.

"Tadikirani," anatero a Likoswe.

Ndi manja awo omwe anang'amba pulasitiki ija, n'kuwagoneka pansalu yeniyeni ya mpando. Matope, fumbi la makala, magazi, zonse zinalowa. Munthu woletsa chimanga uja ndi yemweyu? Kuchipatala namwino anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono, tikanakamba zina.

Lamulungu m'mawa ndinawapeza atagwada pachitseko chakumbuyo, akukhula mpando ndi madzi ozizira othira mchere.

"Otentha ayi," anandiphunzitsa, "amaphika magazi."

Anakhula mpaka thukuta kamukamu, koma banga linakana.

"Ndiye mutani nalo?" ndinafunsa, chisoni chitandigwira.

"Lisiyeni likhale. Mwana wawo waimba foni, akuti mayi aja amwa phala."

Anatenga nsalu ya pagalasi n'kupitiriza kupukuta, akuimba mluzu. Sindinaonepo galimoto yokongola ngati imeneyo.

Nanga inu, yanuyo mukuipukutira ndani?