Supuni ya chambiko yochokera ku Edingeni

Amuna anga anali munthu wokonda kudya. Sindikunena zolawalawa ayi. Akamaliza mbale yawo ankasuzumira mumphika ngati aiwalamo kanthu. Ndiye mutha kuona mmene mtima unkandipwetekera chaka chimene anadwala khansa, tili ku Mzimba kumene boma linatitumiza tonse awiri kukaphunzitsa, kutali ndi kwathu ku Dowa. Mankhwala amene ankakalandira kuchipatala chachikulu anawatulutsa zilonda m'kamwa monse mpaka kukhosi. Phala linkawawotcha, tiyi ankawawotcha, ngakhale madzi enieniwa ankameza atatsinzina. Thalauza linayamba kuvuka lokha. Ulendo wina adokotala anatiuza mosapsatira kuti akapitiriza kutsika pasikelo, mankhwalawo ayamba awaimitsa chifukwa thupi silingawapirire. Palibe anafunsa kuti akaimitsa ndiye chitsatire n'chiyani, tonse tinkadziwa.

Ine ndinakulira m'nyumba yoti wodwala amapatsidwa zotentha. Ndiye ndinkangotenthetsa, iwo n'kukankha mbale, ine n'kutenthetsanso. Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa, ndipo mantha akandigwira ndimalalata. "Abambo, mukufuna mundisiye ndekha kudziko la eni kuno?" Iwo sankayankha, poti kuyankhula nako kunkawawa. Phalalo linkathera kudzala.

Kuseri kwa mpanda wathu wa udzu kunkakhala amayi ena amasiye ochokera ku Edingeni, aatali, osaseka zachabechabe. Ankasinja chiponde n'kumagulitsa pamsika, ndipo munsi wawo ndiwo unkatidzutsa m'mawa. Sitinali pachinzake kwenikweni, poti Chitumbuka changa chinkathera pa moni ndi kuthokoza. Koma mpanda wa udzu subisa kanthu. Tsiku lina ndikukhuthula phala, ndinamva mawu kuseriko.

"Amama, phala mukutaya tsiku lililonseli, adada sakudya?"

Ndinawafotokozera zonse, mwina mopitirira, chifukwa ndinali nditasowa womuuza. Anamvetsera osandidula, kenaka anafunsa ngati tili ndi firiji. Ndinati ilipo.

"Mbwenu apatseni chozizira. Moto pachilonda, ndapota, amaika ndani?"

Ndinatsala pang'ono kuwaseka. Unali mwezi wa Juni, mphepo yochokera ku Chikangawa ikulowa mpaka m'mafupa, ife tikuvala majuzi m'nyumba momwe. "Wodwala chonchi ndimupatse zozizira? Mukufuna chibayo chiwamalize?"

"Chibayo simunachione. Njala mukuiona ndi maso," anatero, n'kubwerera kumtondo wawo.

Mawu amenewo anandikhala pamtima. Ndinagula chambiko kugolosale, ndinathiramo shuga, n'kumanga m'timapepala monga timachitira zoziziritsa kukhosi za ana asukulu. Chinatuluka mufiriji chili gwa ngati mwala, kuwawasa kwake kosanena. Amuna anga anangonyambita kamodzi, misozi n'kulengeza. Ndinanyamula kapepala kamodzi kupita nako kumpanda, ndili wokonzeka kukangana. Amayi aja anakaluma, anatafuna pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Awa ndi madzi, amama. Madzi ndiwo amauma n'kumacheka. Ndipatseni masiku, ndikubwera."

Loweruka anakwera galimoto ya ku Edingeni, ndipo madzulo ake analowa m'khitchini mwanga atanyamula chigubu cha mkaka wa ng'ombe za kwawo ndi kabotolo kokulunga m'nsalu. Sanataye nthawi ndi malonje ataliatali. Anawiritsa mkakawo, nati wodwala sapatsidwa wosawiritsa, kenaka anauphula n'kudikira mpaka chala chitatha kukhalamo osapsa. Atatero anamasula kabotolo kaja, anatapamo supuni imodzi ya chambiko cholimba, n'kuisungunulira mumkakamo. Mphikawo anaukulunga m'bulangete n'kuuika pafupi ndi mbaula. Anandiletsa kuvundukula, ndipo anandiyang'ana m'njira yoti ndinadziwa kuti andiwerenga kale kuti ndine wosaugwira mtima.

M'mawa mwake mkaka unali utagwirana bwinobwino, fungo lake lofatsa, usanayambe kuwawasa. Anaukhuthulira m'nsalu yoyera yowiritsa, anamanga pakamwa, n'kuipachika pamsomali kuti madzi adonthere m'beseni. Pamene inkadontha, iwo anatembenukira ku mtedza. Ine chiponde ndachidya kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona chikupangidwa ndi munthu wochilemekeza. Anakazinga pamoto wochepa, osathira mchere, dzanja losaima. Anafikisa, anapeta, kenaka anakhala pansi ndi lichero pamiyendo n'kumatola timakoko totsalira kamodzikamodzi. "Kamodzi kokha aka pachilonda ndi minga," anatero. Ndinkayang'ana zala zawo zokhakhala zikusankha mofatsa ngati tsikulo alibe ntchito ina, chonsecho anali atasiya malonda awo kumsika. Ndinawasirira, ndipo mpaka pano ndimawasirirabe.

Anasinja mpaka mtedza unasiya kuoneka ngati ufa, n'kuyamba kunyezimira mafuta ake. Ali mkati mosinjamo ndi pamene ndinawafunsa za kabotolo kaja, chifukwa ndinaona mmene anakasamalirira.

"Achimwene anga akulu anakana," anatero osaimitsa munsi. Anandifotokozera kuti kwawo chambiko cha m'chipanda cha pabanja, chimene iwo amati amasi, sachidya mlendo. Mkaka mutha kugulitsa kwa aliyense, koma cha m'chipandacho ndi cha abale okha, moti ngakhale mkazi wokwatiwa pamudzipo amayamba wadikira kuti akuluakulu amuloleze.

Mavuto anga anali okwana kale, sindinkafuna kuwonjezerapo mkangano wa pabanja la eni. "Nanga mwatengeranji, amama? Bwenzi titangogwiritsa cha kugolosale chija."

"Chija n'chowawasa chomene, mbewu yake si yabwino. Ndipo sindinabe yayi, ndatapa iwo akuona. Ndawauza kuti ndikupita nacho kwa mdumbu wanga. Akuti mdumbu uti? Ndati wa ku Dowa, amene simunamuone. Mbwenu anangokhala chete."

Mdumbu ndiye mlongo m'chiyankhulo chawo. Mwambo wa kwawo sanauphwanye, ndiponso sanaunyoze ngakhale pang'ono. Anangoona kuti ngati chakudyacho n'cha abale okha, ndiye kuti wodwalayo ayenera kukhala m'bale, basi nkhani n'kutha.

Chotsala m'nsalu muja chinali cholimba, chosalala, choti supuni n'kuima. Anasakaniza ndi chiponde chija, nthochi yakupsa kwambiri yofinya bwino, ndi uchi pang'ono. Anagawira m'timakapu n'kuika mufiriji, koma sanalole kuti chiume gwa. Ankatsegula n'kubaya ndi supuni, ndipo chitangofika poti chikugwira koma chikulola, anatulutsa kakapu kamodzi. Ndinatambasula dzanja kuti ndikapereke, iwo anandidutsa n'kulowa nako okha pabalaza pamene amuna anga anakhala atafunda bulangete.

Anagwada patsogolo pawo. "Adumbu, idyani. Mlongo wanu akakonza chakudya simukana."

Amuna anga anali mphunzitsi wa kusekondale wodzisunga ulemu, woti sungamuone akudya chimanga pamsewu. Anayang'ana kakapu kaja, kooneka ngati ka mwana, n'kuyang'ana amayiwo. Ndikanakhala ine bwenzi atakankha, ndikudziwa. Koma munthu wamkulu atagwada, wakutchula mlongo, umayambira pati kukana? Anatapa kunsonga kwa supuni, anaika palilime, n'kutsinzina kudikira ululu. Tinadikira nawo. Nkhope yawo inamasuka pang'onopang'ono, ndipo ndinaona pakhosi pakuyenda. Anatapanso, ulendo uno supuni yodzaza. Kuzizirako kunkachititsa dzanzi zilonda zija, chakudyacho n'kumatsetsereka chokha. Atafika pansi pa kakapu anakokota, kenaka anatulutsa mawu amene ndinali nditawasowa kwa masiku ambiri.

"Chatha?"

Ndinathamangira kukhitchini n'kukalira nditatsamira firiji. Amayi aja ananditsatira, anatenga kakapu kena n'kundipatsa m'manja. "Mlamu, misozi pambuyo. Kaperekeni, mukabwere muchape nsaluyi."

Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yathu awiri. Iwo ankasinja, ine ndinkawiritsa ndi kupachika nsalu, ndipo nthawi zonse tinkasungako supuni imodzi yoti ikhale mbewu ya mkaka wotsatira. Magetsi akazima, zimene sizinkasowa, ankakulunga timakapu m'chiguduli chonyowa n'kuika pamthunzi pomwe pamawomba mphepo, ndipo kuzizira kwa Mzimba kumene ndinkakudandaula kuja kunatigwirira ntchito. Ndiwonso anatulukira zoti m'kamwa mukachita dzanzi, pamakhala kampata koti dzira lofewa kapena phala lozizira lidutse. Ndiye kakapu kankatsogola, zina n'kumatsatira mofulumira ululu usanadzuke. Masiku oipa analipo, oti ngakhale kakapuko kankabwerera, ndipo ine ndinkayambanso kulalata. Iwo sankakweza mawu. Ankangobwezera mufiriji n'kunena kuti tiyesanso dzuwa likapendeka.

Tsiku lobwerera kuchipatala litafika, amayi aja anati apita nafe. Ananyamula fulasiki yodzaza chambiko chachiponde kuti mlongo wawo asafe ndi njala panjira. Ine njira yonse ndinkawayang'ana amuna anga m'mbali, osatha kudziwa ngati masaya abwereradi kapena ndi maso anga ofuna kuona zimene akufuna.

M'chipinda choyezera, anamwino anawauza kuti avule jekete ndi nsapato. Anakwera pasikelo atagwira khoma, kenaka anachotsa dzanja. Ine ndinayang'ana kudenga, sindikanatha kuyang'ana pasikelopo. Ndinamva anamwino akutembenuza mapepala kufuna muyezo wa ulendo watha, kenaka anati aimenso bwino aonenso kachiwiri.

"Mwakweratu, bambo. Kakhaleni pamzere, mankhwala mulandira lero. Koma mukudya chiyani ndi m'kamwa motere?"

Amuna anga anatsika, anatembenuka, n'kuloza pakhomo pamene amayi aja anaima atakumbatira fulasiki yawo.

"Afunseni alongo angawo."

Amayi aja anayang'ana pansi n'kuyamba kukonza mpango umene unali kale bwinobwino.