Lamson ndi Mtengo Wonenepa wa ku Balga

Ku Balga, dera lina la mumzinda wa Perth, kuli munthu dzina lake Lamson, amene amayeza chilichonse ndi kunenepa. Mwana akanenepa, ndiye kuti makolo ake ndi anzeru. Abusa akanenepa, ndiye kuti mpingo wadalitsika. Iye mwini, chiyambire kuyendetsa chigalimoto chonyamula miyala ku mgodi wa kumpoto, komwe amapita pa ndege, mimba yake imafika pabwalo la ndege iye akadali kunyumba kufunafuna makiyi. Kumgodiko chakudya n'chaulere, ndipo Lamson amadya ngati wamva mphekesera yoti kampani itsekedwa mawa.

Mkazi wake, Consolata, anapita ku Dedza kukadwazika mayi ake Covid isanabuke, malire n'kutsekedwa iye ali konko. Ponyamuka sanasiye mawu okhudza nyumba, galimoto, kaya mwamuna. Anangoloza mtengo wa mandimu umene anabzala yekha chaka chimene anafika ku Perth, n'kunena kuti, "Bambo a Tasha, uwu ndidzaupeze wamoyo."

Lamson anamva. Padziko lonse lapansi amaopa zinthu ziwiri zokha: sikelo ya kuchipatala ndi Consolata.

Patapita miyezi, nthambi zinayamba kutupa. Zina mfundo zonga chala chachikulu, zina zonga mbatata. Munthu wina aliyense akanadabwa. Lamson anavina. Anazungulira mtengowo akusisita nthambi ngati mlimi woyamikira ng'ombe yake, n'kuona kuti ndithu dzanja lake ndi lodala. Anakagula matumba a zitosi za nkhuku n'kukhuthulira patsinde. Fungo lake linakafika ku Cannington, tsidya lina la mzinda, ndipo anthu amene ankanyinyirika ndi zotchinga pakamwa za Covid anayamba kuvala ziwiriziwiri mwakufuna kwawo.

Akabwera ku mgodi ankajambula mtengowo n'kutumiza pa WhatsApp. "Mayi a Tasha, mtengo wanu wachita minofu. Inu munkaumana chakudya." Ku Dedza netiweki inali yosauka, zithunzi zinkafika ngati zajambulidwa mu utsi, ndipo Consolata ankangoyankha kuti, "Chabwino."

M'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri kunabwera Flossie, mng'ono wake wa Consolata, namwino wa ku Ellenbrook. Masiku amenewo Mmalawi aliyense ankamwa madzi a mandimu ndi jinja ngati lamulo, ndiye mayiyo anabwera ndi beseni kudzathyola. Anapeza timandimu towerengeka, tating'ono ngati mazira a njiwa, masamba ali mbuu.

"Alamu, mtengowu mwautani?"

"Ndaunenepetsa. Taonani mikonoyo, ngati wonyamula zitsulo."

Flossie anaseka mpaka beseni linagwa. "Inu, mwendo ukatupa mumati wanenepa? Kapezeni kampeni kosendera mbatatesi."

Anasenda mfundo imodzi. M'kati munali tizipinda tambirimbiri, kachipinda kalikonse kamphutsi koyera kali phee, kakudya.

"Alendo anu ndi awa," anatero Flossie. "Ana a timavu tating'ono takuda, tonga njere za mpiru. Timaikira mazira m'nthambi zanthete kukayamba kufunda, mtengo n'kutupa powazinga. Zitosi zanuzo ndiye zikuchulukitsa nthambi zanthete. Mwatsegula hotela, alamu, chakudya chaulere ngati kumgodi kwanu."

"Ndipopera mankhwala," anatero Lamson, akudzikoka thalauza.

"Mupopera khungwa, iwo ali m'nyumba atatseka chitseko? Zikanakhala nthata zija zimatupitsa masamba, bwenzi tikuti kunyansa kokha. Izi zimafoola mtengo. Kwanga zinabweranso. Dulani nthambi zonse zotupa mwezi uno, zisanaboole. Muziike m'majumbo akuda awiriawiri, mumange, muziyanike padzuwa mwezi wathunthu zipsere momwemo, kenako m'bini ya zinyalala wamba, osati ya masamba. Ndipo zitosi musiye."

"Ndamva, mlamu."

Sanamve kanthu. Mutu wa Lamson uli ngati chigalimoto chake: umanyamula zambiri, koma zonse umakakhuthula kutsogoloko. Akayang'ana nthambi zonenepazo mtima unkamuwawa. Akaganiza za Consolata kudzapeza chitsa, thukuta linkatuluka ngakhale kunja kukuzizira. Ndiye anachita zimene amachita bwino koposa: anadikira. Anati adula akabwera ku shifiti. Atabwera anati msana. Msana utapola anati sowo ndi yobuntha. Ku tchalitchi ankauza anthu kuti akuchita kafukufuku, ndipo a Overstone, amene amakhulupirira aliyense wovala jekete, anafika pomufunsa nzeru za mtengo wawo wa malalanje.

Anadula mu Seputembala, kutayamba kale kufunda. Anadula mokwiya, mtengo n'kutsala ngati munthu wometedwa kundende. Nthambi zinaunjikana mulu. Anatenga jumbo lakuda, n'kuima.

Lamson anakulira ku Ntcheu, komwe ankayenda mtunda wautali kusaka nkhuni, mapazi akung'ambika. Lero aike nkhuni m'jumbo? Azimange ngati mphatso, n'kupereka kwa galimoto ya zinyalala? Anaona kuti Flossie wakhalitsa ndi azungu, nzeru zamuthawa. Anasanja nthambizo bwinobwino, pamthunzi, patsinde penipeni pa mtengowo, kuti adzawotchere nyama pa Khirisimasi. Kuti mtengo uphuke msanga mkazi asanaone, anathiranso zitosi. Kenako anakwera ndege kupita ku mgodi, mtima uli m'malo, ngati munthu amene wapulumutsa dziko.

Timavu tija sitinavutike n'kuuluka komwe. Tinangoboola, kukwera masitepe, n'kupeza nthambi zatsopano, zanthete, zonona, zitatiyembekezera. Lamson atabwerako anapeza nkhuni zake zili mabowo okhaokha ngati sefa, ndipo pamasamba pali timadontho takuda toyenda. Anati ndi fumbi la mumsewu. Fumbi lokhala ndi mapiko!

Mu Malichi malire anatsegulidwa. Lamson anapita kukachingamira mkazi wake atavala suti, Flossie ali pambuyo ndi maluwa. M'galimoto anayankhula za mitengo ya mafuta, za katemera, za ndale za kumudzi, za chilichonse chopanda masamba. Atafika ku Balga anathamangira kutsegula chitseko cha kutsogolo, koma Consolata analambalala nyumba, chikwama chili m'manja, n'kulunjika kuseri.

Mtengo unali pomwepo, waufupi kuposa mwini wake, tinthambi tatsopano tonse tili ndi mfundo. Ndimu ngakhale limodzi.

Consolata anayang'ana mtengo. Anayang'ana mulu wa nkhuni, umene sunawotche nyama iliyonse chifukwa Khirisimasi inamupeza Lamson ali ku shifiti. Anatola nthambi imodzi, n'kuona mabowo aja.

"Mayi a Tasha, nyengo ya chaka chino..."

"Khalani chete kaye, bambo. Flossie, uchira?"

"Uchira, achemwali. Mandimu muiwale kaye. Koma alamu asamauyandikire."

"Flossie anakuuzani chochita ndi nthambizi?" Consolata anafunsa mwamuna wake.

"Anatchulako."

"Nanga munatani?"

"Nkhuni, mayi. Nkhuni zabwinobwino."

Consolata sanakalipe, ndipo zimenezi n'zimene zinamuopsa Lamson koposa. Anavula nsapato za paulendo, n'kumanga chitenje. Nthambi zotupitsitsa anadula, zina anasenda mbali imodzi kuti mphutsi ziume ndi mphepo. Flossie ankagwira majumbo. Lamson, suti ili m'thupi, anapatsidwa fosholo kuti achotse zitosi zake zonse patsinde. Majumbo anayanikidwa pa simenti pomwe amaimika galimoto yake, ndipo galimotoyo inagona kumsewu mwezi wonse, mbalame zikuichitira ulemu.

M'mawa mwake mwa tsiku limene anafika lija, Consolata anapita kusitolo ya zitsulo n'kubwera ndi loko. Anakhoma chitseko cha kuseri, kiyi n'kumangirira kunsonga ya chitenje.

Mtengowo unachira. Lamson amauonera pawindo la kukhitchini, akutsuka mbale. Nthawi zina amagogoda galasi n'kufuula kuti ukuoneka wowonda, uwonjezeredwe chakudya. Consolata, ali panja ndi kampeni kake, amangomukwezera dzanja ngati akupereka moni kwa munthu wodutsa pa basi.